Za timu yanu ya baseball yomwe ikungoluzayo

Achimwene, mwafunsa kuti mutani poti anyamata odalirika onse anamaliza sukulu ndiye mwatsala ndi ana ongoluza gemu iliyonse. Ine zinandionekerapo kuno ku Ohio, ku America. Chinatithandiza ndi kusiya kuwerenga ma win, tinkawerenga ma error (zolakwitsa za ogwira mpira) ndi ma walk (womenya kupita ku base yoyamba mwaulere poti woponya waphonya kanayi) basi, pitcher (woponya mpira) akamaponya ma strike (mipira yolunjika bwino) anzake kumbuyoko amadzuka okha, komanso gemu ya ku high school ndi ma inning (zigawo za gemu) 7 ndiye inning imodzi yoipa imakuphani. Koma chonde musamupanikize mwana mmodzi poti ndi yekhayo amatha, malamulo a pitch count (malire a mipira imene pitcher angaponye) anabwera mu 2017 kuti ateteze mikono ya anawa. Mnyamata wina wa timu yanga ndinamupeza mu dugout (mokhalira osewera) atagwira chigongono akulira, mpaka lero zimandiwawa.