Funsani Akatswiri: Matcheri Akutchire Amasiyaniranji?

Funso: Ndinawerenga kuti mitengo iwiri ya matcheri akutchire yoyandikana imatha kubala zipatso zosiyana mtundu ndi kakomedwe. Zimatheka bwanji, nanga wabwino ndingaudziwe bwanji?

Yankho: Mwafunsa bwino. Mtengowu, Prunus avium, womera ku Ulaya, kumadzulo kwa Asia ndi kumpoto kwa Africa, subereka ndi mungu wake womwe. Njuchi zimabweretsa mungu wa mtengo wina, choncho njere iliyonse ili ndi makolo awiri. N'chifukwa chake wina umabala zipatso zofiira zowawasa, wina zakuda bii zotsekemera. Wina umachita maluwa msanga, wina mochedwa. Mukaona mitengo yofanana ndendende, kawirikawiri imakhala mphukira za muzu umodzi.

Chipatso chikamadera kwambiri, chimakhalanso ndi ma anthocyanin ambiri, zinthu zimene zimachipatsa mtundu wofiira kapena wakuda. Koma musafulumire kuweruza. Cha panthambi yoombedwa dzuwa chimatsekemera kuposa cha mumthunzi, ndipo mvula ikagwa pomwe zikupsa, zimamwa madzi n'kung'ambika. Tcholani zipatso 30 zakupsa mbali zonse za mtengo, muzifinye, muyeze shuga wa m'madzi ake ndi kachipangizo kotchedwa refractometer. Bwerezani zaka 2 kapena 3, chifukwa nyengo imodzi imanamiza.

Mukaupeza wabwino, musadalire njere zake, mudzagwira fuwa la moto. Dulani kanthambi ka chaka chimodzi mtengo utayoyola masamba, mumezanitse pa mbande. Njere za mbandezo zimafuna miyezi 3 mpaka 4 mumchenga wonyowa, pa 4°C, kuti zimere. Musaziswe n'kudya zam'kati: muli amygdalin, yemwe m'thupi amatulutsa poizoni wa cyanide.