Yankho la malume pa za roller coaster ya matabwa

Eee mphwanga, ndaiona vidiyo waponya pagulu ija, ya kasitima kothamanga pachinsanja cha matabwa. Ukufunsa kuti amene anayamba kumanga ma roller coaster amenewa anatengera kuti kamangidwe kotere. Tamvera, ndingoyankhula, kulemba kungatalike.

Anthu ambiri amayambira ku Russia, ndipo sakulakwa. M'zaka za m'ma 1600 kumeneko ankamanga nsanja za matabwa, n'kuthira madzi potsetserekapo kuti aundane, anthu n'kumatsetsereka. Afalansa anatengera n'kuikapo magudumu, moti mu 1817 ku Paris zinalipo kale, ndipo mpaka lero iwo amazitcha mapiri a ku Russia. Koma kwa ine, chimene chinachokera kumeneko ndi chilakolako chotsetsereka basi. Chimene ukuona pavidiyopo n'chobadwa ku njanji ndi ku migodi ya malasha.

Ku Pennsylvania ku America, pamalo otchedwa Mauch Chunk, mu 1827 anamanga njanji yotsitsira malasha kuphiri. Ngolo zinkatsika zokha chifukwa cha kulemera, nyulu n'kumazikokera kumtunda. Pofika m'ma 1870 njanjiyo inasanduka yonyamula anthu olipira kuti angomva kukoma kotsika. Ndiye mu 1884 LaMarcus Thompson anatsegula yake ku Coney Island ku New York. Inkayenda makilomita pafupifupi 10 pa ola, njinga yakapalasa ikhoza kuipitirira, koma anthu ankaima pamzere ndi masenti awo 5.

Tsono yang'ananso chinsanjacho, iwe poti matabwa umawadziwa. Mizati iwiri yoimirira, mtanda wopingasa pamwamba wonyamula njanji, kenako matabwa opingasana ngati X omangirira mizatiyo kuti isapendeke. Amaimika zimenezi motsatizana, chimodzimodzi milatho ya matabwa imene sitima za ku America zinkawolokera m'zigwa nthawi imeneyo. Nzeru yake ndi yomwe ija ya denga: makona atatu sapindika. Ukaona nsanja ikugwedezeka kasitima kakamadutsa usaope, thabwa liyenera kugonjera pang'ono, likauma gwaa mphamvu yonse imathera pa mabawuti.

Koma chinthu chimene chinasintha zonse ndi gudumu laling'ono. Poyamba kasitima kanali ndi magudumu oyenda pamwamba pa njanji ndi ena a m'mbali oletsa kupatuka, basi. Panalibe chokagwira pansi. Kakafika pamwamba pa chitunda kali pa liwiro, kakanatha kunyamuka n'kuchoka panjanji. N'chifukwa chake zakalekale zili ndi zitunda zofatsa, ndipo zina zimayenda ndi munthu wogwira buleki m'kasitima momwemo. Ya ku Luna Park ku Melbourne ku Australia, ya mu 1912, inamangidwa choncho. Ndiye mu 1919 John Miller, womanga ma roller coaster, analembetsa kuboma nzeru yake ya gudumu lachitatu loyenda kunsi kwa njanji. Tsopano njanji yagwidwa pamwamba, m'mbali ndi pansi, kasitima sikangachokenso. Kuyambira pamenepo omanga anamasuka kupanga zigwa zakuya ndi makona akuthwa. Cyclone ya ku Coney Island, ya mu 1927, ndi yotalika mamita 26 ndipo imafika makilomita pafupifupi 97 pa ola. Uone kusiyana kwake ndi ya Thompson ija!

Gudumu limenelo ndi limene linapatsa njanji ya matabwa maonekedwe ake. Amasanjikiza matabwa a paini, kawirikawiri mizere 8, n'kumakhomera umodzi pamwamba pa unzake, molumikizira mwake osagwera pamodzi. Mizere iwiri yapamwamba imakhala yotakata, imatulukira mkati ngati mlomo, ndipo gudumu la pansi lija limagwira kunsi kwa mlomowo. Pamene magudumu amakhudza amakhomerapo zitsulo zopyapyala. Ndiye dziwa ichi: imatchedwa ya matabwa chifukwa cha njanjiyi, osati nsanja. Cyclone ija nsanja yake ndi yachitsulo. Phokoso lija la khwakhwakhwa pokwera si tcheni yokokera kasitima pamwamba ayi, ndi kachitsulo ka pansi pa kasitima kogwera m'mano a njanji, kuti tcheni itaduka kasitima kasabwerere m'mbuyo.

Zovuta zake ndi za matabwa onse. Mvula ikagwa amafufuma, dzuwa likawomba amanyala, misomali n'kumatuluka, mabawuti n'kumamasuka, mpata wa pakati pa njanji ziwiri n'kusintha. Pansi pa chigwa, pamene kasitima kamapondereza kwambiri, matabwa amaphwanyika pang'onopang'ono n'kupanga timaenje, okwera n'kumagunyuzika msana. Choncho m'mawa uliwonse amisiri amayenda njanji yonse wapansi, hamala ndi sipanala m'manja, ndipo nyengo yotseka ikafika amachotsa zigawo zotha n'kukhoma zatsopano.

Pamakona ndiye pamatha msanga, makamaka ngolo zikakhala zazitali zosapindika, chifukwa magudumu amadya njanji yakunja. Kampani ya Great Coasters International inathana nazo mu 1999 pobwerera ku nzeru ya m'ma 1920 ya womanga wina, Fred Church: tingolo tifupitifupi, mzere umodzi wa mipando, tolumikizana mopindika ngati bongololo. Taonetsetsa pavidiyo yakoyo, uwerenge mizere ya mipando m'ngolo imodzi, undiuze.