Achemwali, za broker wa inshuwalansi pa geni yathuyi

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wooda katundu kunja amafunikadi broker wa inshuwalansi, komanso kuti mungamupeze bwanji muno mu Lilongwe. Ndikuuzani za mutu wanga, poti ine zinandionekerapo.

Broker si ejenti. Ejenti amagulitsa za kampani imodzi basi, pomwe broker amakuyenderani ku NICO General, ku Britam, ku General Alliance ndi kwina, n'kukubweretserani mitengo kuti musankhe. Komishoni yake imachokera ku kampaniko. Maofesi awo ambiri ali ku Old Town ndi ku City Centre, koma musanakhale pansi muuzeni akuonetseni chiphaso cha ku Reserve Bank of Malawi. Wa ofesi ya m'chikwama, wokumana naye pa depoti n'kumati tumizani ndalama pa nambala yanga, ameneyo mutalikireni. Komanso funsani amayi anzathu mumsika. Musafunse kuti wotchipa ndani, funsani amene anawathandiza kulandira ndalama katundu atawonongeka.

Ambiri amapusitsika ndi Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya galimoto yodutsa malire a mayiko. Dalaivala akuonetsani pepalalo, inu mtima pansi. Ayi ndithu, ija ndi ya anthu ena amene galimoto ingawapweteke pamsewu, mabelo anu mulibemo. Imagwira ku Zambia mukadzera ku Mchinji, ku Tanzania mukadzera ku Songwe, ndi ku Zimbabwe, koma ku Mozambique mukatulukira pa Dedza mumagula ina pa boda pomwepo. Ya katundu wanu ndi ija amati goods in transit. Mwini thiraki akati ali nayo, tengani kope mukamuonetse broker, chifukwa ndalama yolembedwapo ndi ya thiraki yonse, ndipo mungapezeke muli eni katundu makumi awiri.

Tsono apa mumvetsetse. Chaka china ndinaoda nsapato ndi zikwama ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, thiraki n'kugwa pa Chiweta mvula ili pakati. Inshuwalansi ndinali nayo. Koma lisiti ndinali nditalembetsa mtengo wotsika kuti msonkho wa pa boda uchepe, monga timachitira ambirife, tisanamizane. Akampani anatenga lisiti lomwelo ndi mapepala a MRA n'kuwerengera pomwepo. Anachotsanso excess, gawo lija umalipira wekha, limene ine sindinafunse n'komwe posaina. Zimene ndinalandira sizinakwane ngakhale theka la mpamba wanga, ndipo ndinalibe womudandaulira. Broker anandiyang'ana n'kuti, mayi, bwenzi mutandiuza. Chiyambire pamenepo sindimubisira mtengo, ngakhale msonkho undiwawe.

Kwacha nayo muziyang'ana. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene sanakweze ndalama yolembedwa pa pepala la inshuwalansi anatsala ndi chitetezo chosakwana kuodanso katundu yemweyo.

Musanasaine, mufunseni kuti chitetezo chikuyambira pati ndi kuthera pati, ku Dar es Salaam pokweza kapena pa Songwe. Mufunsenso za kuba thiraki itagona panjira, za katundu wonyowa, ndi masiku angati amene mwapatsidwa kuti munene ngozi ikachitika. Mayankho akulembereni, za pakamwa ayi. Pa ulendo malisiti, mapepala a kasitomu ndi zithunzi za katundu pokweza zizikhala mufoni, ndipo ngozi ikagwa musachoke kuderalo opanda lipoti ya apolisi.