Mafayilo abwerera, koma ma akaunti zitengera mtundu wa backup

Achimwene, mwati hard disk ya kompyuta ya ku shopu kwanu inafa, a technician anakuikirani SSD (disk ya mtundu watsopano yothamanga) ndi Windows 10 yatsopano, backup ili pa external (disk yakunja yolumikiza ndi USB) ndipo mukufuna mafayilo ndi ma akaunti onse atatu abwerere momwe analili. Musanapange chilichonse, chonde musalole munthu afomate external imeneyo olo kuyambitsapo backup yatsopano. Ngati mungapeze disk ina yokhala ndi malo, koperani kaye zonse zili pamenepo muzisunge pambali, chifukwa panopa ntchito yanu yonse yatsala malo amodzi basi.

Ndiye lumikizani external muone mafoda ali pamwamba penipeni. Mukaona foda yolembedwa WindowsImageBackup ndinu odala, imeneyo ndi system image, imatenga disk yonse ndi Windows, mapulogalamu, ma akaunti ndi mapasiwedi omwe. Mumagwira Shift nkudina Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, System Image Recovery, nkusankha image ija. Koma dziwani zinthu ziwiri. Imafufuta zonse zili pa SSD panopa, ndiye ngati mwayamba kale kulembapo ma invoice atsopano akopereni pena kaye. Komanso ngati disk yakale inali ya 500GB kapena 1TB pamene SSD ndi ya 256GB, nthawi zambiri imakana ndithu olo mafayilo enieniwo akhale ochepa. Ikakana musataye mtima, mkati mwa foda ija muli mafayilo othera ndi .vhdx, tsegulani Disk Management, Action, Attach VHD, chongani Read-only, iwoneka ngati disk ina ndipo mutengamo zanu pamanja.

Koma ine ndikuganiza kuti mupeza foda yolembedwa FileHistory, poti ndi yomwe ambiri amayatsa. File History inabwera ndi Windows 8 mu 2012 ndipo imasunga mafayilo a munthu basi, monga Documents, Pictures, Desktop, Music. Sisunga mapulogalamu, sisunga akaunti, sisunga pasiwedi. Ndipo chomwe chimapweteka anthu kwambiri nchoti imayatsidwa pa akaunti iliyonse payokha. Tsegulani foda ya FileHistory muwerenge mayina ali mkatimo. Mukapeza dzina lanu lokha ndiye kuti anzanu awiriwo mafayilo awo sanasungidwe, apo ndi bwino muwauze lero lomwe ndipo disk yakufayo musaitaye, mwina akatswiri atha kutulutsamo kanthu.

Ma akaunti muwapanga nokha mwatsopano ku Settings, Accounts, Family & other users. Aliyense alowe kamodzi mu akaunti yake kuti Windows imupangire foda yake mu C:\Users, kenako mwini wake ali mkati momwemo apite ku Control Panel, File History. Apa mpofunika kuonetsetsa, pali kabokosi kolembedwa I want to use a previous backup on this File History drive, kachongeni, sankhani backup ya dzina lake ndi dzina la kompyuta yakale, ndiyeno Turn on. Mukangodina Turn on osachonga kabokosiko iyamba backup yatsopano yopanda kanthu ndipo mudzaona ngati zonse zapita, chonsecho zili pomwepo. Zikatheka pitani ku Restore personal files, sankhani tsiku ndi mivi ili m'munsiyo, dinani batani lobiriwira lapakati. Ine ndimakonda kudina ndi right click nkusankha Restore to, ndiziike mu foda ina kaye ndizione bwinobwino.

Ena akuuzani kuti ingolowani mu foda ya Data mukope basi. Zimatheka inde, koma fayilo iliyonse imakhala ndi tsiku ndi nthawi ya UTC (nthawi ya padziko lonse, osati ya kwathu kuno) kumapeto kwa dzina lake, ndipo fayilo ya Excel yomwe munkaisintha tsiku ndi tsiku muipeza kambirimbiri, kusankha yatsopano imodziimodzi ndi ntchito yotopetsa zedi. Njira imeneyo muisungire pomwe zina zonse zakanika.

Chifukwa chomwe akaunti sibwerera pongolemba dzina lomwe lija nchoti Windows siyang'ana dzina, imayang'ana nambala yayitali yotchedwa SID, imayamba ndi S-1-5-21 ndipo akaunti yoyamba kupangidwa nthawi zambiri imathera ndi 1001. Mukaika Windows yatsopano nambala imasintha, ndiye akaunti ya dzina lomwelo kwa Windows ndi mlendo. Nchifukwa chake mukatsegula foda ya munthu kuchokera pa disk yakale kapena pa .vhdx ija imakuuzani kuti mulibe chilolezo, mumangodina Continue muli pa akaunti ya administrator. Pachifukwa chomwecho musakope foda yonse ya munthu ndi NTUSER.DAT ndi AppData zomwe (momwe mumakhala ma settings a akaunti) nkuipaka pamwamba pa yatsopano, profile imaonongeka ndipo munthu amayamba kulowa mu temporary profile, zomwe wasunga pa Desktop nkumasowa akangotuluka. Tengani Documents, Desktop, Pictures ndi Downloads basi.

Mapasiwedi osungidwa mu Chrome nawo anamangidwa ku akaunti yakale ya Windows, kukopa foda sikuwabweretsa, amabwera ngati munthu anali atalowa ndi akaunti ya Google ndipo sync inali yoyatsa. Ogwiritsa ntchito Outlook ayang'ane mafayilo a .pst mu Documents, Outlook Files. Office, ma driver a printer ndi pulogalamu yanu ya malonda muziika mwatsopano, fufuziranitu ma license. External ikafunsa BitLocker recovery key, imeneyo ndi kiyi ya manambala 48 yotsegulira disk yokiyidwa, yang'anani mu akaunti ya Microsoft ya yemwe anaikiya kapena papepala lomwe anasindikiza, popanda imeneyo kapena pasiwedi yake palibe technician angaitsegule.

Ngati ndi desktop ilumikizeni ku UPS (batire yosunga magetsi) pobwezeretsa image, magetsi akazima pakati muyambiranso. Ndipo poti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, afunseni a technician ngati makinawo angalandire Windows 11, File History ilimonso mu Control Panel. Jambulani mafoda ali pa external muike pano tione kuti ndi mtundu uti, mayina a anthu muwaphimbe.