Maluwa a arum mumphika: chisanu chikafika muchite nawo chiyani?

Mayi wina wandilembera imelo yofunsa za maluwa ake a arum. Ali ndi miphika itatu pakhonde, iwiri ya maluwa oyera akuluakulu aja, umodzi wa achikasu. Kumene amakhala, nyengo yozizira ikafika pachimake madzi a mundowa amapezeka m'mawa ataundana pamwamba. Akuti chaka chatha masamba a oyerawo anangolobodoka usiku umodzi, ndipo achikasu omwe anali nawo poyamba sanaphukenso, moti awa ndi ena amene agula. Mafunso awo ndi awa: "Kodi ndiwalowetse m'nyumba? Ndiziwathirira kapena ndiwasiye? Nanga masamba aja ndidule?"

Zikomo mayi pondilembera. Ndiyambe ndi chinthu chimene ogulitsa maluwa ambiri satchula: miphika yanu itatuyo ili ndi zomera za mitundu iwiri, ndipo zimene umodzi umafuna m'nyengo yozizira ndi zomwe zimapha unzake. Mukawasamalira mofanana, wina mumutaya basi.

Woyera uja akatswiri amamutcha Zantedeschia aethiopica. Kwawo ndi kum'mwera kwa Africa, makamaka ku South Africa, kumene amamera yekha m'madambo, m'ngalande za m'mbali mwa misewu ndi m'mphepete mwa mitsinje. N'chifukwa chake amakonda madzi kwambiri, mpaka ena amamubzala m'dziwe, mphika wonse uli m'madzi. Pansi pa dothi ali ndi tsinde lonenepa lomwe limayanga cham'mbali n'kumatulutsa mphukira zatsopano. Akapeza chinyezi ndipo kulibe chisanu, masamba ake amakhala obiriwira chaka chonse, ndipo amatha kutalika kufika mita imodzi. Achikasu, apinki ndi ofiirira ndi abale ake, ochokera ku mitundu ina monga Zantedeschia elliottiana ndi Zantedeschia rehmannii. Nthawi zambiri ndi aafupi, ena masamba awo ali ndi timadontho toyera, ndipo pansi ali ndi chimuzu chobulungira. Iwowa anazolowera malo amene mvula imagwa m'nyengo yotentha, nyengo yozizira n'kukhala youma. Kukazizira amafota n'kugona, ndipo pogonapo safuna madzi ngakhale pang'ono.

Ndiye achikasu anu a chaka chatha aja ndikukhulupirira kuti sanafe ndi chisanu chokha. Chimuzu chogona chikakhala m'dothi lonyowa ndi lozizira chimaola. Pali mabakiteriya ena amene amachifewetsa mpaka kusanduka phala lonunkha, ndipo zikafika pamenepo palibe mankhwala.

Chochita ndi achikasuwo n'chosavuta. Maluwa akatha, pitirizani kuthirira kwa kanthawi, chifukwa masamba ndi amene akudzaza chakudya m'chimuzu cha chaka chamawa. Masamba akayamba kusanduka achikasu, chepetsani madzi mpaka kusiyiratu. Akauma, achotseni. Chisanu choyamba chisanafike, mphikawo ulowe m'nyumba, m'galaja kapena m'shedi, pamalo ouma osaundana, pamene kutentha kuli cha m'madigiri 10. Kuwala sikofunika. Mungathe kusiya chimuzucho mumphika momwemo dothi litauma, kapena kuchifukula, kusasa dothi, kuchiyanika pamthunzi masiku angapo, n'kuchisunga m'katoni kapena m'thumba la pepala. M'jumbo ayi, chifukwa chimachita thukuta n'kuola. Kamodzi pamwezi muzichiyendera ndi kuchitsina ndi chala. Chikakhala cholimba, chili bwino. Chofewa tayani msanga chisanapatsire zinzake.

Woyerayo nkhani yake ndi yaitaliko, ndipo ndi amene ndimamva chisoni ndikaona anthu akumutaya akadali moyo. Masamba ake ali ndi madzi ambiri, ndiye chisanu chikawakhudza amada, amalobodoka n'kugwera m'mphepete mwa mphika, oterera ukawagwira. Munthu ukaona zimenezo umati zatha. Koma moyo wa chomerachi uli m'tsinde la pansi lija. Malingana ngati tsindelo silinaundane, kukafunda mudzaona timphukira tosongoka, tobiriwira, tikuboola dothi.

Vuto la mphika ndi ili. Arum wobzalidwa pansi amatetezedwa ndi nthaka yonse yomuzungulira, yomwe imasunga kutentha, ndipo chisanu chimangolowera pamwamba. Mukamuphimba ndi udzu wochindikala amapirira ngakhale kutentha kutatsika pang'ono pansi pa madigiri 0. Mumphika chisanu chimalowera mbali zonse, pamwamba, m'mbali ndi pansi, ndipo mizu yambiri imakhala itatsamira khoma la mphikawo. Mphika waung'ono umaundana wonse usiku umodzi wokha. Ngati ndi wadothi, madzi amene unamwa akaundana amafufuma n'kuusweratu.

Mwa njira zonse, imene ndimaikhulupirira ndi yosuntha mphika. Upite pamalo owala, ozizirira koma osaundana: khonde lotchingidwa ndi magalasi, pawindo la chipinda chosatenthetsedwa, kapena nyumba ya magalasi ya zomera ngati muli nayo. Pabalaza pomwe mumayatsa chotenthetsera si pabwino. Mpweya wake ndi wouma, kuwala n'kochepa, ndiye masamba amatalika monyozoloka ndipo nsabwe za zomera zimabwera. Pamalo ozizirirawo muzithirira pang'ono, dothi lingokhala ndi chinyezi, osati matope. Feteleza muleke mpaka kukafunda.

Miphika ina imalemera moti munthu mmodzi sanganyamule. Ikatero, ikokereni m'munsi mwa khoma la nyumba, mbali imene imalandira dzuwa masana ndi yobisika ku mphepo, ndipo muigundanitse pamodzi. Ikani njerwa ziwiri kapena zitatu pansi pake kuti madzi azituluka ndiponso kuti mphika usakhale pasimenti yozizira. Mbale ija imene munaika pansi pa mphika m'nyengo yotentha ichotseni. Kenako kulungani mphikawo ndi ziguduli, bulangeti lakale kapena pulasitiki wa timathovu wokulungira katundu uja, kawiri kapena katatu, n'kumanga ndi chingwe. Pamwamba pa dothi yalani udzu wouma kapena masamba ouma, kuchindikala kwake masentimita 10 kapena 15. Chonde musavindikire pamwambapo ndi pulasitiki. Pamafunika mpweya, apo ayi tsinde limaolera pakhosi. Usiku umene alengeza kuti kuchita chisanu choopsa, ponyani nsalu pamwamba, m'mawa muichotse.

Za kudula masamba, obiriwira asiyeni, akugwirabe ntchito. Amene apsa ndi chisanu n'kuyamba kuterera aduleni pafupi ndi dothi musanayale udzu uja, kuti kuola kusatsikire m'tsinde. Podula valani magolovesi. Chomera chonsechi, kuyambira duwa mpaka muzu, chili ndi timiyala tosaoneka ndi maso, tosongoka, totchedwa calcium oxalate. Madzi ake amayabwa pakhungu, ndipo mwana, galu kapena mphaka akatafuna amapsa ndi kutupa m'kamwa. Mukalowetsa miphika m'nyumba kapena kusunga zimizu m'katoni, ikani patali ndi ana ndi ziweto.

Chisanu chikatheratu, vundukulani pang'onopang'ono. Amene anali m'nyumba musawatulutse tsiku limodzi n'kuwasiya padzuwa. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri azikhala panja masana, usiku n'kulowa. Iyi ndiyonso nthawi yoona ngati woyera uja wadzaza mphika. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu amakhala atathinana, mizu ikutulukira m'zibowo za pansi, maluwa n'kuchepa. Mutulutseni, dulani tsinde ndi mpeni wakuthwa m'zidutswa zoti chilichonse chili ndi mphukira yake, mubzale m'miphika ya masentimita 30 kukamwa kapena kuposerapo, m'dothi lanthaka yabwino losakaniza ndi manyowa owolerana. Achikasu abzaleni maso a chimuzucho akuyang'ana kumwamba, osazamitsa kwambiri, m'dothi lotaya madzi msanga, ndipo madzi ambiri adikire mpaka mphukira zitaoneka.

M'nyengo yotentha woyerayo musamuumitse n'komwe. Mbale ija ibwerere pansi pa mphika ndipo izikhala ndi madzi. Pa milungu iwiri iliyonse mupatseni feteleza wamadzi wokhala ndi potashi wambiri, ngati amene amapangira tomato. Wa nayitrojeni wochuluka amakupatsani masamba aakulu okongola, maluwa osaoneka. Ndipo ngati mudzafune kuwonjezera mphika wina wa oyera, funsani mtundu wotchedwa 'Crowborough', umene alimi a maluwa kumayiko ozizira amaudziwa kuti umapirira chisanu kuposa ena, ngakhale mumphika nawonso umafunabe kukulungidwa.

Mawu omaliza ndi a miphika iwiri ya oyera ija. Ikachedwa kuphuka, musafulumire kukhuthula dothi. Pandani pang'ono ndi chala pambali mpaka mukhudze tsinde. Likakhala lolimba ndi losanunkha, kwirirani, thirirani pang'ono, mudikire milungu ina itatu kapena inayi.