Kodi galimoto "imadya" matayala?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Luchenza amene amayendetsa Toyota Corolla yakale pakati pa Thyolo ndi Muloza. Akuti atauza makaniko kuti "galimoto ikudya matayala akumbuyo," mnzawo anawadzudzula kuti chimenecho si Chichewa chabwino. Akufunsanso mmene angafotokozere bwino vuto la kumbuyo kwa galimotoyo.

Bambo, simunalakwitse. Mneni "kudya" timamugwiritsa ntchito pa chilichonse chomwe chikutha pang'onopang'ono, monga tikamati dzimbiri ladya khasu. Mukhozanso kunena kuti "matayala akudyeka." Kusiyana kwake n'kwakuti "-ek-" amabisa wochita: mukungonena zomwe maso anu aona, osaloza chala pa chinthu chilichonse. Ine ndimakonda "akudyeka" pogalaja, chifukwa kupeza cholakwa ndi ntchito ya makaniko. Koma musalekere pomwepo. Nenani kuti tayala ladyeka chamkati, chakunja, kapena modumphadumpha. Likadyeka mbali imodzi yokha, kawirikawiri ndiye kuti silinaime mowongoka, mwina mabushi (timalabala tokhala polumikizirana zitsulo zogwira mawilo) atha kapena chitsulo cholumikiza mawilo akumbuyo chinapindika pa dzenje. Kudyeka modumphadumpha kumaloza kwambiri ku mashoko, zipangizo zoletsa galimoto kunjanja.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mawu oti "ikugwedezeka," omwe ambiri amawaponya pa vuto lililonse. Chichewa chili ndi aneni okwanira, tiyeni tiziwagwiritsa ntchito. Galimoto "ikunjanja" ngati mwaikanikiza pakona yakumbuyo n'kuisiya, iyo n'kupitirizabe kukwera ndi kutsika. Pamenepo mashoko afooka. "Ikugogoda" ngati mukumva gu! gu! podutsa pahampu kapena mumsewu wafumbi wa m'minda ya tiyi. "Yapendekeka" ikaima pamalo osalala mbali ina ili pansi, ndipo apo yang'anani sipuling'i. Kulira kwa wuu komwe kumakula liwiro likamakwera nthawi zambiri ndi beringi, kachitsulo komwe wilo limazungulirapo. Wina wokutsatirani m'mbuyo akakuuzani kuti ikuyenda chammbali ngati nkhanu, mawilo akumbuyo sakutsata akutsogolo.

Nanga mawu obwereka ngati "alayimenti" (kuwongola kaimidwe ka mawilo), "mabushi" ndi "mashoko"? Agwiritseni ntchito momasuka, ndi amene amamveka m'magalaja a pa Chitakale ndi ku Bvumbwe. Mungosamala mgwirizano wa mawu: tayala ladyeka, matayala adyeka, mabushi atha.