Chakudya choyamba cha tiana ta mlamba

Funso: Ndimaswetsa mlamba, koma tiana timafa sabata yoyamba. Ndamva za Artemia. Kodi amapezeka m'nyanja yathuyi? Nanga amakonzedwa bwanji? Mlimi wa nsomba, Mangochi.

Yankho: Bambo, m'nyanja ya Malawi kapena ya Malombe simungamupeze. Artemia ndi tizilombo ta m'madzi a mchere wambiri, monga nyanja ya Great Salt Lake ku Utah, m'dziko la America, komwe nsomba zoti zitidye sizingakhaleko. Mumagula mazira ake ouma m'chitini.

Dulani kunsi kwa botolo la pulasitiki, muliimike chozondoka. Pa lita imodzi ya madzi thirani magalamu 25 mpaka 30 a mchere ndi magalamu 2 a mazira. Paipi ya mpweya ifike pansi penipeni kuti mazira asadikhe, ndipo nyali iziyaka usiku wonse. Madzi akakhala pa madigiri 28, mazirawo amaswa pa maola pafupifupi 24. M'nyengo yozizira ya June amachedwa, ngakhale ku Mangochi kotenthako.

Ambiri amalakwitsa pokolola. Zimitsani mpweya kwa mphindi 10: makoko amayandama, tizilombo tofiirira timatsikira pansi. Tengani ta pansipo, musefe ndi kutsuka ndi madzi abwino, chifukwa makoko amatseka matumbo a tiana.

Yambani kudyetsa tiana ta mlamba tikafika tsiku lachitatu, kathumba ka chakudya kapamimba kakatha. Ikani pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu patsiku, poti m'madzi opanda mchere Artemia amafa pa maola ochepa n'kuipitsa madzi. Tiana ta chambo musatiwonongere ndalama, timalandira chakudya chaufa msanga.